A Namalamba ndi Mipando Yakumapeto

Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi a Namalamba akhala akulowa m'ndege pafupifupi tsiku lililonse, koma mpaka chaka chatha anali asanakhalepo pampando wa m'ndege ngakhale kamphindi. Ntchito yawo ndi yokonza m'kati. Ndege ikatera, anthu n'kutsika, iwo ndi anzawo asanu amakwera masitepe akumbuyo atanyamula matumba akuda, nsanza ndi makina opopera fumbi. Amapatsidwa mphindi makumi awiri ndi zisanu basi. Wina amathamangira kuzimbudzi, wina amatola mabotolo ndi nyuzipepala. Gawo la a Namalamba ndi mipando. Amaimika mpando uliwonse umene wasiyidwa chogona, amapukuta kathebulo n'kukatseka, amakweza chotsekera zenera, amatsitsa zotsamira mikono, kenako amapingasa malamba awiri omangira wokwera pakhushoni kuti wolowa aone kuti pakonzedwa. Dzina lawolo linachokera pamenepo, chifukwa pagulu lonselo palibe amene amapingasa malamba mwaudongo ngati iwo.

Kapitawo wawo ali ndi malamulo awiri amene sasekerera. Wokonza sakhala pampando wa okwera, ngakhale miyendo itaphwanya bwanji. Wokonza sayankhulanso ndi ogwira ntchito m'ndege pokhapokha atafunsidwa. Mukakumana pakhomo, iwe umapatuka, maso pansi, thumba la zinyalala kumbuyo. A Namalamba malamulo amenewa anawalowa m'magazi. Anthu okwera ankawadziwa ndi zimene asiya: chingamu chomatidwa kunsi kwa kathebulo, ndolo imodzi, kasokosi ka khanda, tsiku lina mano oikirira atakulungidwa bwinobwino m'tishu.

Amuna awo anali osoka nsapato. Ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakampando kafupi, misomali ing'onoing'ono ili kukamwa, n'chifukwa chake msewu wonse unkawatchula kuti a Msomali. Anali munthu wanthabwala, woti ngakhale wobwera ndi nsapato yothaitha ankachoka akuseka atauzidwa kuti nsapatoyo ikufunika abusa osati wosoka. Akazi awo ankawatchula kuti a Kaputeni. Madzulo aliwonse akamalowa pakhomo ankawafunsa kuti lero atera dziko liti, a Namalamba n'kuyankha kuti pomwe anatera dzulo. Funso lomwelo, yankho lomwelo, zaka zonsezo, ndipo ankasekabe. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anakwatiwa kumzinda wakutali, ulendo wa masiku awiri pabasi.

Msana unayamba pang'onopang'ono. A Msomali ankati ndi kampando kaja kakuwabwezera, ndipo anangoikapo katoni yopindapinda. Pofika kuchipatala chachikulu n'kuti matenda atalowa kale m'mafupa a msana. Kugona chammbali ankatha. Kukhala chotsamira, mapilo ali kumbuyo, ankathanso. Koma kukhala chowongoka kunali ngati wina akuwathira makala m'chiuno. Mwezi womwewo mwana wawo uja, amene anali woyembekezera, anachira, koma anachita kum'ng'amba, ndipo anamuletsa kuyenda ulendo wautali kwa milungu ingapo. Dokotala wa a Msomali ataitanira a Namalamba pambali, anawauza mosabisa kuti milungu ingapoyo a Msomali mwina saimaliza.

Mwanayo ankaonetsa khandalo pafoni tsiku lililonse. A Msomali ankayang'ana, n'kubweza foniyo. Ankati pafoni makanda onse amafanana ndi chala chachikulu chakuphazi, iwo akufuna kumumva kulemera kwake. Basi inali yosatheka. Ndege inali maola awiri okha. Dokotala analemba kalata yoti akhoza kukwera, koma pachinthu chimodzi: azitha kukhala chowongoka, lamba atamanga, nthawi yonse imene ndege ikunyamuka ndi pamene ikutera. Pakati pa ulendo akhoza kugoneka mpando n'kupuma. Anati akalephera zimenezi, a m'ndege ali ndi mphamvu yowatsitsa isananyamuke, ndipo sadzakhala atalakwa.

A Namalamba anati zimenezo n'zimene amadziwa. Anatenga mpando wa patebulo, wamsana wathabwa, n'kuugunditsa kukhoma la pabalaza moyang'anana ndi wotchi. Anamasula lamba wa sutikesi yakale. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ndiponso akaweruka, ankakhazika amuna awo pamenepo, n'kuwamanga lambayo m'munsi mwa mimba, mapazi onse pansi, manja pamaondo.

"Zaka makumi atatu ndakhala pampando," anatero a Msomali tsiku loyamba, "lero a Kaputeni mwati mundiphunzitse kukhala?"

Tsiku limenelo anatha mphindi zinayi zokha, malaya ali chonyowa. Tsiku lachitatu anafika zisanu ndi ziwiri. A Namalamba ankaima patsogolo pawo n'kumawasonyeza zithunzi zonse za papepala la malangizo a pangozi la m'ndege, zimene ankazidziwa pamtima chifukwa cholikonza m'tithumba ta mipando kambirimbiri: munthu wowerama atagwira mutu, mayi akuvala chopumira asanaveke mwana, nsapato zagogoda zitadulidwa ndi mzere wofiira. Pa nsapatozo a Msomali ankati wojambulayo sanaonepo chidendene. Patsiku la khumi ndi chiwiri anakwanitsa mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo a Namalamba anaimbira mwana wawo kuti agule matikiti.

Mwanayo pogula pafoni anafunsa kuti asankhe mipando iti. A Namalamba sanaganize n'kawiri komwe. Anati mzere wa khumi ndi chiwiri, pamene pali tizitseko tiwiri toyang'ana pamapiko. Pamenepo mpata ndi waukulu. Ndi malo okhawo amene iwo amatha kugwada ndi makina opopera fumbi osagunda chigongono, ndipo miyendo ya amuna awo inali itayamba kutupa. Anamva kukoma mumtima kuti zaka zonse zogwada zija zawapatsa kanthu koti apatse mwamuna wawo. Chimene sankadziwa n'chakuti pamzere umenewo sipakhala munthu wodwala. Zinalembedwa papepala lomwe lija, m'zilembo zing'onozing'ono za zinenero zimene iwo sawerenga. Ndege ankaidziwa mpando ndi mpando, koma ankaidziwa ilibe anthu.

Ananyamuka m'mawa. A Msomali anakana njinga ya odwala, nati sakakumana ndi mdzukulu wawo akukankhidwa ngati katundu. Nsapato zawo anazipolisha okha chogona. Pabwalo la ndege anakhala pabenchi chotsamira chikwama, a Namalamba n'kupita okha ndi mapepala. Mayi wa padesiki ankawadziwa, ndipo anatanganidwa n'kuwaseka kuti lero alowera khomo lakutsogolo ngati nduna, mpaka sanafunse kuti mnzawo wa paulendo ali kuti.

Analoweradi khomo lakutsogolo. Pamipando yawo malamba anali opingasa, lakumanzere pamwamba, ndipo a Namalamba anadziwa kuti ndi mnzawo uti wakonza. Anakhazika amuna awo pazenera, nawo n'kukhala pang'onopang'ono, ngati kapitawo atulukira. Mpandowo unali wolimba kuposa mmene manja awo ankawauzira.

Anthu atatsala pang'ono kutha kulowa, kunabwera mtsikana wothandiza okwera, wamtali, tsitsi atamangira kumbuyo. A Namalamba anali atapatukira mtsikana ameneyu pakhomo kwa zaka zitatu, osayankhulanapo. Iye sanawazindikire opanda yunifomu. Ananjuta pambali pawo n'kufotokoza mwaulemu kuti okhala pamzere uwu, ngozi itachitika ponyamuka kapena potera, ndi amene amatsegula kachitsekoko, kolemera ngati mwana wa zaka zisanu, n'kukaponya kunja, kenako kuthandiza ena kutuluka. Akuyankhula choncho, maso ake anali pa thukuta la pamphumi pa a Msomali ndi pa dzanja lawo limene linagwiritsa chotsamira mkono.

"Bambo, chitseko ichi mungachinyamule?"

"Mwanawe," anatero a Msomali, "ngakhale nsapato ndavalazi achita kundiveka ndi a Kaputeniwa."

Mtsikanayo anamwetulira pang'ono, koma anafunsa ngati akudwala. A Namalamba anatulutsa kalata ya dokotala ija. Iye anaiwerenga, n'kupita nayo kutsogolo kwa woyendetsa ndege. Anakhalitsako. Anthu a mipando yoyandikana anayamba kusuzumira, wina n'kuyang'ana wotchi yake mokweza mkono kuti aliyense aone. Atabwerera anati woyendetsa wavomera, koma akufuna kumva chinthu chimodzi kuchokera kwa eni ake: kodi bambowa angathedi kukhala chowongoka? Ngati sangathe, ndi bwino atsike pano chitseko chisanatsekedwe.

"Angathe," anatero a Namalamba. "Taphunzira kunyumba."

Mtsikanayo anaimirira n'kufunsa mokweza ngati pali anthu awiri amphamvu ofuna kusinthana malo ndi makolowa. Manja anakwera angapo, koma amuna awiri ataliatali a kumapeto kwenikweni anali ataimirira kale, zikwama m'manja, akubwera akuseka ngati apata mphoto. A Namalamba anayang'ana kumene achokera. Mzere womaliza ankaudziwa. Kumbuyo kwake kuli khoma la chimbudzi. Zaka makumi awiri ndi zinayi anali asanaimikepo mpando wa pamenepo, chifukwa sugona n'komwe.

Mawu anafika pakhosi. Akanangonena kuti mwanangu, kumeneko ayi, tipatseni pena. Koma anali atangonena kumene kuti angathe. Anaopa kuti akatsegulanso pakamwa, mtsikanayo abwerera kwa woyendetsa, ndipo ulendo uthera pomwepo, pamaso pa anthu onsewo, mdzukulu osamuona. Komanso yunifomu ya mtsikanayo inali itaima patsogolo pawo, ndipo thupi lawo linachita zimene linazolowera. Anagwetsa maso pansi, nati zikomo.

Kuchoka pamzere wa khumi ndi chiwiri kukafika kumapeto, a Msomali anayenda atagwira mitu ya mipando umodziumodzi, akupepesa aliyense amene amukhudza tsitsi. Atakhala, a Namalamba anawamanga lamba m'munsi mwa mimba ngati kunyumba, anakankhira chikwama kunsi kwa mpando wakutsogolo, n'kuonetsetsa kuti kathebulo n'kotseka. Ndege inabwerera chambuyo, inayenda, inaima kudikira inzake, inayendanso. Itayamba kuthamanga, khoma lakumbuyo kwawo linanjenjemera, mabotolo akulira m'makabati. A Namalamba sanaone n'komwe mmene pansi panachokera. Maso awo anali pa mtsempha wa pakhosi pa amuna awo. A Msomali anapirira, milomo itasanduka yotuwa, mpaka kabelu kanalira, kanyali ka lamba n'kuzima. Kutsogolo konse mipando inayamba kugwa chambuyo umodziumodzi, ndipo wa patsogolo pawo unabwera mpaka pafupi ndi mphuno.

"Takhoza mayeso," ananong'ona a Msomali. "Gonekani tsopano, a Kaputeni."

A Namalamba anadina batani logonekera mpando, ngakhale ankadziwa. Anadinanso, akukankha ndi phewa. Mpando sunasunthe. A Msomali anatembenuza mutu pang'onopang'ono, anayang'ana khoma, kenako anayang'ana akazi awo.

"Mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

Sanawakalipire. Anangotseka maso, n'kufunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. A Namalamba anati ola limodzi ndi theka. Akanakonda atatukwanidwa.

Panali kanthu kamodzi kamene akanatha kuchita. Chotsamira mkono cha pakati pawo chinali cholimba, chokana kukwera, koma iwo ankadziwa kagwiridwe kake, kukankhira m'kati kaye kenako m'mwamba. Chitakwera, anakokera amuna awo chammbali mpaka mutu unafika pachifuwa pawo, lamba ali chimangire. Sikunali kugona kwenikweni, kunali kupindika chabe, koma mpweya unayamba kutuluka bwinoko. Anthu opita kuchimbudzi ankaima pambali pawo pamzere, ena kuyang'ana, ena kuyang'ana kumbali. Chitseko chikatsegulidwa kunkabwera fungo la mankhwala a buluu aja amene a Namalamba amawadziwa bwino.

Ngolo ya zakumwa inayambira kutsogolo, ndiye inafika kwa iwo patatha pafupifupi ola. Mtsikana uja atawaona anasiya kapu m'manja. Anayang'ana mpando, anayang'ana khoma, n'kugwira pakamwa.

"Mayi, mukanandiuza. Ndikanakusinthani ndi wina aliyense. Anthu anakweza manja ambirimbiri."

Mtsikanayo anathamanga n'kupeza banja lina la mizere itatu kutsogolo limene linavomera kusinthana nawo. Koma atayesa kuwadzutsa, miyendo ya a Msomali inakana. A Msomali anati awasiye, kusuntha kukupweteka kuposa kukhala. Mtsikanayo anabweretsa mapilo onse amene anapeza, ndi mabulangete awiri, n'kuwatsendera m'mipata.

Kenako kabelu kanaliranso, mawu n'kumveka kuti ndege yayamba kutsika. Mtsikanayo anayenda mzere ndi mzere, akuimiritsa mipando, akutseketsa timathebulo, akukwezetsa zotsekera mazenera. Kwa iwo anafika pomaliza. Kenako anati bambo ayenera kudzuka, akhale chowongoka, chotsamira mkono chitsike.

Aka kanali koyamba a Namalamba kuyankhula ndi wa m'ndege asanafunsidwe.

"Asiyeni chonchi, mwanangu. Ndawagwira ine. Sindiwataya."

"Sindingathe, mayi. Matayala akagunda pansi mwamphamvu ali chopindika chonchi, manja anu sangawagwire. Msanawu ndi umene ungalandire zonse."

Maso a mtsikanayo anali atafiira, koma sanasunthe. A Msomali ndi amene anathetsa nkhaniyo. Anati mwanayu akunena zoona, aliyense ali ndi ntchito yake, adzutseni. Anawadzutsa awiriwiri. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa a Msomali, a Namalamba anali asanawamvepo pa zaka zonse za ukwati wawo, ndipo mwana wina wa mzere wakutsogolo anayamba kulira. Chotsamira mkono chinatsika pakati pawo. A Namalamba anadutsitsa mkono pamwamba pake n'kuyala chikhatho pachifuwa cha amuna awo, kuwakanikizira kumpando kuti asagwere kutsogolo.

Mtsikanayo anakakhala pakampando kake kopinda, kuseri kwa khoma lomwelo, n'kudzimanga malamba. Kuchokera kumeneko ankawauza nthawi motsitsa mawu. Zatsala khumi ndi zisanu. Zatsala khumi. Atanena kuti zisanu, ndege inapendekeka n'kuyamba kuzungulira, chifukwa pansi panali inzake. Anasiya kuwerenga. A Namalamba ankaona madenga a nyumba akubwera pazenera, n'kuchoka, n'kubweranso omwewo. Pansi pa chikhatho chawo mtima unkagunda mothamanga ngati wa kambalame. Ankangonena kuti tafika bambo, tafika, mpaka mawuwo anatha tanthauzo. Matayala atagunda pansi, mutu wa a Msomali unagwera paphewa pawo, koma mtima uja unali ukugundabe.

Anthu onse anatsika. Iwo anatsala kudikira kampando kopapatiza konyamulira odwala. Amuna awiri atawanyamula a Msomali, a Namalamba anaona kuti khushoni yanyowa. Anafunda amuna awo bulangete m'chiuno msangamsanga kuti asaone kuti ena aona. Nthawi yomweyo chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo okonza a bwalo limenelo anayamba kulowa ndi matumba awo akuda. Wakutsogolo anali mayi wachikulire, amene atawaona anapatuka, maso pansi. A Namalamba anamugwira pamkono n'kumunong'oneza kuti mpando wa pazenera ukufunika kuchotsa khushoni yonse, kupukuta kokha sikuthandiza, ndipo awakhululukire. Mayiyo anawayang'ana manja, kenako nkhope.

"Pitani, mayi. N'zathu izi."

Kunyumba kwa mwana wawo anawagoneka pamatiresi pabalaza, pafupi ndi zenera. Kuyambira tsiku limenelo a Msomali sanakhalenso tsonga. Dokotala wa kumeneko anati matendawo anali atafika kale pamenepo, ulendo usanamiziridwe, koma a Namalamba anangomva ndi makutu okha.

Madzulo a tsiku lofikalo, mankhwala atagwira, mwana wawo anabwera akuyenda chowerama chifukwa cha bala lake, n'kuika khandalo pachifuwa cha bambo ake. A Msomali ankalimva likukwera ndi kutsika ndi mpweya wawo. Kenako anapempha kuti alivule timasokosi. Anagwira kaphazi kamodzi, anakatembenuza, anakayeza ndi chala, nati mapazi ndi akwawo awa, otambalala kutsogolo, nsapato za m'sitolo zizidzamuluma moyo wake wonse. Mwanayo anaseka uku akupukuta misozi, kenako anafunsa kuti nanga ulendo unali bwanji, mipando ija inali bwino?

A Namalamba anali atakhala pansi kumiyendo kwa matiresi. Anakoka mpweya kuti anene zonse, za mzere wa khumi ndi chiwiri, za khoma, za pakamwa pawo pamene panatsekeka. Koma amuna awo anawatsogolera.

"Ndagona njira yonse," anatero. "Mayi akowa ndege amaidziwa."

A Msomali anakhala masiku khumi ndi limodzi, khandalo likuwagonera pachifuwa m'mawa ndi madzulo, ndipo anamwalira Lachiwiri masana, mvula ikuwaza. A Namalamba anabwerera kuntchito mwezi wotsatira. Mwana wawo mpaka lero amauza alendo kuti bambo ake anayenda bwino m'ndege, anagona njira yonse. Akamanena zimenezi mayi ake ali pomwepo, iwo amangowerama n'kumakonza kolala ya mdzukulu wawo, imene ili bwinobwino kale.